Mtsogoleri ndi Womtsata pa Phiri la Moto

Pa cisumbu ca Sicily, kumwera kwa dziko la Italy, pali phiri lochedwa Etna. Msinkhu wace upitirira mamita 3,300, koma suima pa ciwerengero cimodzi, pakuti phirilo lidziunjikira miyala pamutu caka cina, nilidzigumula caka cinzace. Pansonga pace pali maenje anai akuru otuluka utsi. Lina lichedwa Voragine. Lina Bocca Nuova, ndiko kunena Kamwa Latsopano, limene linatseguka m'caka ca 1968. Ndipo awiri otsalawo anthu angowachula ndi mbali zimene ali, la kumpoto ca kum'mawa, lobadwa mu 1911, ndi la kumwera ca kum'mawa, lobadwa mu 1971. Patsinde pa phirilo pali mzinda wa Catania ndi midzi yambiri, ndi minda ya mphesa ndi malalanje, popeza phulusa la phiri likagonera zaka lisanduka nthaka yobala koposa. Eni dziko adziwa mtengo wace wa nthakayo. M'caka ca 1669 ciphalaphala ca miyala yosungunuka cinatuluka m'nthiti mwa phiri pafupi ndi mudzi wa Nicolosi, cinameza midzi ingapo, nicifika pa malinga a Catania ndi kulowa m'nyanja.

Ngakhale ziri comweco, caka ndi caka alendo ambirimbiri akwera phiri limeneli kukaona maenjewo ndi maso. Ulendo wace uli wotere. Galimoto awafikitsa pa malo ochedwa Rifugio Sapienza, pamsinkhu wa mamita monga 1,900. Pomwepo pali timaenje tozima ta m'caka ca 1892, timene munthu ali yense akhoza kuzungulira yekha, ngakhale ndi ana ace. Wofuna kupitirira alowa m'kanyumba kolenjekeka pa cingwe ca citsulo, kamene kamkweza kufikira mamita monga 2,500. Kuyambira apo dziko lisanduka cipululu cakuda, ndipo pali malire oikidwa ndi aboma, amene munthu saloledwa kuwalumpha wopanda mtsogoleri wophunzitsidwa ndi wobvomerezeka. Malirewo akwera kapena atsika monga mwa khalidwe la phiri masiku amenewo, ndipo nthawi zina njira ya pansonga itsekedwa konse. Mtsogoleri apatsa anthu ace zisoti zolimba zonga za anchito a m'migodi, ayang'ana nsapato zao, nawauza poponda ndi poleka. Akafika pamlomo pa dzenje apeza nthaka yofunda pansi pa mapazi, cinkana mphepo iri yozizira koopsa; aona miyala yacikasu ndi sulfure, apuma mpweya wotsamwitsa, namva kugunda kwa pansi konga bingu lakutali.

Ulendo umenewu uutsa mafunso awiri oyenera munthu woganiza. Loyamba ndi ili: kodi nkoyenera kuti munthu ayandikize moyo wace ku ngozi, wosafunako cakudya kapena mankhwala, koma kungoona? Laciwiri lipambana kubvuta: munthu akadzipereka m'manja mwa mtsogoleri, kodi wapereka pamodzi ndi mlandu wa moyo wace?

Pa funso loyamba, anthu akale a dziko lomwelo anatisiyira mbiri za amuna awiri. Wina ndiye Empedocles, wanzeru wa ku Sicily, amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 400 asanabadwe Kristu. Nthano inena kuti anadziponya m'dzenje la Etna, kuti anthu posapeza mtembo wace amuyese mulungu. Koma phiri linalavula nsapato yace ya mkuwa, nilimuulula. Iyi ndi nthano cabe, komabe cikumbutso cace cakhala paphiripo, pakuti malo ena a pamsinkhu wa mamita monga 2,900 achedwa Torre del Filosofo, Nsanja ya Wanzeru. Winayo ndiye Pliny wamkuru, kazembe wa zombo za Roma. M'caka ca 79, pamene phiri la Vesuvius linaphulika ndi kukwirira mzinda wa Pompeii, iye anaona mtambo wacilendo patali, nalamula kuti amkonzere ngalawa akaupenye pafupi, popeza anali munthu wokonda kusanthula zolengedwa. Asanacoke unamfikira uthenga wa osowa pothawira m'mbali mwa nyanja. Pamenepo anasintha colinga cace, natulutsa zombo zazikuru kukawapulumutsa, nafera pa gombe la Stabiae.

Onse awiri anayandikira moto, onse awiri anafa, koma palibe angawayese ndi muyeso umodzi. Cotero tiona kuti kulakwa kapena kusalakwa kwa ulendo sikuyesedwa ndi kuyandikira kwa moto kokha, koma ndi cimene munthu afunako. Kufuna kuona ndi kudziwa sikuli kocititsa manyazi. Pakadapanda anthu olimba mtima okwera mapiri otere ndi kulemba zimene anaona, sipakadakhala lero akatswiri a ku Catania amene amvetsera kunjenjemera kwa Etna ndi makina usana ndi usiku, nacenjeza midzi ndi bwalo la ndege phulusa lisanagwe. Ndiponso munthu wamba amene waima pamlomo pa dzenje atsika ali ndi cidziwitso cimene buku silikadampatsa, cakuti nthaka imene tilimapo ndi kumangapo iri ngati khungu lopyapyala pamwamba pa ng'anjo. Munthu wodziwa cimeneci acepetsa matama.

Koma pali malire, ndiwo awa: moyo wa munthu suli wace yekha. Wokwera phiri asenza pamsana pace mkazi, ana, ndi makolo okalamba amene adya m'dzanja lace, angakhale anawasiya kunyumba. Asenzanso anthu osamdziwa amene adzayenera kukwera usiku kukamfuna akatayika. M'mwezi wa February 2025, pamene ciphalaphala cinatsika pakati pa cipale cofewa pa Etna, khamu la anthu linathamangirako kukajambula zithunzi, ambiri opanda atsogoleri ndi opanda zobvala zoyenera, ndipo magalimoto ao anatseka miseu yopapatiza imene opulumutsa anthu anayenera kupitamo. Ali yense wa iwo akadafunsidwa akadati, moyo ndi wanga. Koma opulumutsa amene anapita kukafuna osokera mumdima analinso ndi ana kwao. Pamenepa kufuna kuona kunasanduka kusenzetsa ena katundu amene sanampemphe.

Tsono tibwere pa funso laciwiri. Mtsogoleri wa pa Etna adziwa zambiri zimene mlendo sangadziwe. Adziwa mbali imene mphepo idzakankhira mpweya woipa; adziwa mlomo wa dzenje umene uli wogumuka pansi ngakhale uoneka wolimba pamwamba; azindikira nkhungu imene ikhoza kubisa njira m'kamphindi; ndipo amva mau a akatswiri asananyamuke. Mlendo wokana kumumvera ali ngati uja akuru anati safunsa anadya phula. Pa 2 June 2025 mbali ina ya dzenje la kumwera ca kum'mawa inagumuka, ndipo mtambo wa phulusa lotentha unathamanga kutsika phiri. Panali alendo ambiri paphiri tsiku lomwelo, natsika mothamanga pamodzi ndi atsogoleri ao, ndipo sanafe ndi mmodzi yemwe.

Koma tinganame tikati mtsogoleri adziwa zonse. Pa 12 September 1979 dzenje la Bocca Nuova, limene linaoneka lacete, linaponya miyala mwadzidzidzi, nilipha alendo 9 amene anaima pamlomo pace. M'mwezi wa March 2017 ciphalaphala, cimene kutentha kwace kupitirira madigiri 1,000, cinayenda pamwamba pa cipale cofewa. Madzi otsekeredwa pansi anasanduka nthunzi, naphulitsa miyala yamoto pa anthu amene anali ndi atsogoleri ndi katswiri wa mapiri pakati pao, ndipo anthu monga 10 anabvulala. Coopsa coposa cinacitika ku New Zealand pa 9 December 2019, pa cisumbu ca moto cochedwa Whakaari. Anthu 47 anali pacisumbupo pamene cinaphulika. 22 anafa, ndipo awiri mwa iwo anali atsogoleri. Masabata atatu zisanacitike izi, akatswiri anali atakweza cizindikiro ca cenjezo, koma maulendo sanaleke. Pambuyo pace makampani ena otenga alendo anabvomera m'bwalo la milandu kuti sanasamale moyo wa anthu monga kunayenera.

Wina angati: ngati mtsogoleri akhoza kuphonya, kummvera kupindulanji? Yankho lace liri lakuti tikhulupirira mtsogoleri cifukwa kuphonya kwace kucepa poyerekeza ndi kwathu, ndipo ici cikwanira. Tsoka silinunkha, kwa mtsogoleri ndi kwa mlendo yemwe; koma pa ngozi khumi zimene mlendo akadagwamo, mtsogoleri aziona zambiri zisanafike. Munthu wofuna mtsogoleri wosaphonya konse sadzakwera phiri, sadzalowa m'bwato, ndipo sadzagona pa kama wa sing'anga. Munthu wonena kuti popeza onse aphonya ndidzayenda ndekha, wasinthanitsa ngozi yaing'ono ndi yaikuru, naiyesa ufulu.

Cikhulupiriro cotere ciika mangawa pa onse awiri. Mangawa a mtsogoleri ndiwo coonadi. Iye adya za phirilo. Tsiku limene abweza alendo panjira ndi tsiku limene thumba lace lipepuka, ndipo mnzace wosasamala akhoza kumlanda anthu. Apa ndipo pali ciyeso cace ceniceni, ndipo cimgwera m'mawa, asanaponde phiri. Ayenera kunena poyera cimene adziwa, ndi kunenanso poyera pamene nzeru zace zilekeza. Mtsogoleri wouza anthu kuti palibe coopsa, pofuna kuti asabwerere ndi ndalama zao, wawalanda cinthu coposa ndalama, pakuti wawasankhira yekha cimene anayenera kusankha okha. Munthu amene wauzidwa zoona, nakwerabe, wasenza gawo lace la mlandu. Munthu amene wabisidwa zoona sanabvomere kanthu, angakhale analemba dzina lace pa pepala.

Mangawa a womtsata ali awiri, ndipo ali ndi nyengo zao. Pansi pa phiri ndi nyengo ya kufunsa: phiri liri bwanji masiku ano, akatswiri anena ciani, tidzathawira kuti, ndipo kodi thupi langa ndi mtima wanga zidzapirira msinkhu wotere? Munthu wobisa nthenda yace kuti asamsiye aika anzace onse m'ngozi, pakuti gulu lithawa ndi liwiro la wofooka wace. Pamwamba pa phiri ndi nyengo ya kumvera. Mtsogoleri akati tibwerere, pamene dzenje latsala mapazi owerengeka, si nthawi ya kumkumbutsa kuti tinalipira, kapena kumcititsa manyazi ndi kumucha wamantha. Alendo ambiri ayesa kuti ndalama zao zagula nsonga ya phiri. Zagula nzeru za munthu wodziwa, ndipo nzeruzo zioneka koposa pa ora limene akana. Mlendo wokakamiza mtsogoleri kufikira atagonja sangadzasambe m'manja ngozi ikagwa.

Tingayankhe tsono funso lija kuti iai, mlandu superekedwa wonse. Cimene munthu apereka kwa mtsogoleri ndico kusankha njira. Cimene cikhala kwa iye mwini ndico kusankha mtsogoleriyo, kusankha kupita kapena kuleka, ndi kusunga pangano la kumvera. Ambiri a ife sitidzaona Etna, koma palibe wa ife amene satsata wina kapena kutsatidwa ndi wina. Wolowa m'mgodi atsata kapitao wodziwa kulira kwa mwala. Woyenda pansi m'thengo la Luangwa atsata mlonda wodziwa mphepo ndi mapazi a nyama. Mwana atsata atate wace, ndi wodwala atsata namwino. Pa zonsezi lamulo liri limodzi ndi la paphiri. Wotsogola anene zoona, zingakhale zomcepetsera phindu. Wotsata afunse asananyamuke, ndipo atanyamuka amvere. Pamene onse awiri asunga mbali zao, ngozi ikhoza kufikabe, pakuti phiri silinalowe m'pangano lao. Koma ikafika idzakhala tsoka lopanda mwini, ndipo otsala adzalira maliro popanda wina womloza cala.