Kodi Kusaopa Imfa Ndiko Kulimba Mtima?

Amayi anzathu mwa Ambuye, m'misonkhano yathu timadandaula kawirikawiri za ana athu a kabaza amene amathamangitsa njinga zamoto pa msewu wa Migowi mpaka ku Chitakale. Tikawadzudzula amati mwamuna saopa. Kodi wosaopa imfa ndiye wolimba mtima?

Funso limeneli silinayambe ndi ana athu. Ku France kunali Georges Boillot, amene anapambana mpikisano waukulu wa magalimoto wa dziko lake mu 1912 ndi 1913, akuyendetsa Peugeot. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, anaphunzira kuyendetsa ndege zankhondo. M'mwezi wa May 1916 ndege za Germany zinamugwetsa, namwalira ali ndi zaka 31. Ku America kunali Eddie Rickenbacker, amene ankapikisana pa liwiro la magalimoto ku Indianapolis. Mu 1918 anagwetsa ndege ndi mabaluni a adani okwana 26, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 1973.

Mayiko awo anawalemekeza, ndipo sitikana kuti anadzipereka. Koma ife amayi tikumbukire kuti m'ndege zimene ankagwetsazo munalinso ana a amayi anzathu. Mtima umodzi womwewo pa mpikisano unkasangalatsa oonerera, kunkhondo unateteza kwawo, komanso unagwetsa maliro m'makomo a ena. Tikafuna kuyamikira kusaopa, tiyambe tafunsa kuti kwapulumutsa yani.

Pa Mateyu 4 timawerenga kuti Satana anauza Ambuye Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi. Iwo anakana, popeza kutero ndi kuyesa Mulungu. Koma Ambuye omwewo analowa mu Yerusalemu akudziwa kuti mtanda ukuwadikira. Anakana ngozi yodzionetsera, nalandira imfa yopulumutsa anthu.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tinamanga mabala ambiri a liwiro lopanda chifukwa. Mnyamata amene wanyamula mayi woyembekezera usiku, nayenda mosamala m'matope mpaka kukamufikitsa ku Holy Family ali bwino, ameneyo ndiye mwamuna.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Tikachedwa ku mapemphero tisamakakamize wa kabaza kuti afulumire. Tikakwera tipemphe chipewa choteteza mutu, ndipo akayamba liwiro timuuze aime titsike. Paja akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Ambuye asunge ana athu pa msewu.