Utawaleza ndi Kabati Yoyimba

Padangotero.

Pa Boma la Ntchisi, kuseri kwa msika, panali kalipentala wina wachikulire amene ntchito yake yaikulu inali kuukitsa katundu wakale. Mphunzitsi akasamutsidwa, wapolisi akapuma pa ntchito, kapena banja likagawana za womwalira n'kutsala zimene aliyense wazikana, mkuluyu ankafika ndi ngolo n'kugula matebulo ogwedera, mipando yothyoka miyendo ndi makabati opanda zitseko. Anzake ankamuseka kuti amatola zinyalala, koma iye ankadziwa chimene ankafuna. Katundu wambiri wa makedzana anapangidwa ndi mlombwa ndi mbawa, mitengo imene lero yasowa. Nkhalango ya m'phiri la Ntchisi ndi yotetezedwa, munthu salowamo ndi sowo mwachisawawa, ndipo matabwa amene amapezeka pamsika ndi a paini, bulugamu ndi malaina, ena ocheka asanaume bwino. Thabwa la mlombwa limene lakhala m'nyumba zaka 40 linauma kalekale, silipindikanso.

Mkuluyu ankakhala ndi mwana wa mlongo wake, mnyamata amene anamaliza Fomu 4 n'kusowa kolowera. Manja a mnyamatayu anali abwino. Msomali sunkapindika akaukhoma, ndipo sandipepa ankamugwira moleza. Chimene chinkamuvuta chinali chakuti malume ake ankangodziwa vanishi, penti wa kirimu, wa khofi, ndi wobiriwira wozizira nthawi zina.

"Malume," ankatero, "katundu wathu akuoneka ngati wa m'kalasi. Ku Mponela ndaonako mipando yowala, munthu amaiona ali m'minibasi."

"Amene ali m'minibasi akupita ku Lilongwe," ankayankha malumewo. "Ife timagulitsa kwa amene akupita kwawo."

Chaka cha 2025, mwezi wa June, maso a malume anafika poipa ndi ng'ala. Mwana wawo wamkazi wa ku Kawale anabwera kudzawatenga kuti akawachite opaleshoni ku chipatala cha Nkhoma, ndipo akatuluka akapumule kaye kwa iye. M'mawa wa ulendo malume anamuyendetsa mnyamatayo m'shedi, akupapasa katundu ndi manja.

"Tebulo ili ndi la mlombwa. Ulipale, ulisalaze, upake vanishi basi. Mipando inayi iyi ndi ya paini, ili ndi mfundo zambiri, imeneyi imafuna penti. Uyambe ndi andakoti. Bedi ili ulimange kaye molimba. Koma kabati iyi," anaigogoda, inalira mopepuka, ufa wa thabwa n'kuyoyoka pansi, "yafumbwa. Uchotse mahinjesi ndi galasi, zotsalazo ukoleze moto. Isagone pafupi ndi zinzake."

Ananyamuka.

Imeneyo inali nyengo ya ndalama. Alimi anali akubwera kuchokera ku okushoni ya ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, a soya ndi mtedza nawonso anali atagulitsa. Mnyamatayo anati mumtima, malume akamabwera adzapeza shedi yopanda kanthu ndi thumba lodzaza. Anakwera galimoto ya ku Mponela kukagula penti. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chitini cha penti chinali chitasanduka chinthu choganizira kawiri, ndiye anatola zimene zinali zotsika mtengo chifukwa zinakhalitsa pashelefu: buluu, wachikasu, ndi woyera wonyezimira. Wofiira yekha anamugula mosawerengera ndalama, pakuti mtima wake unali ku timu ya Bullets, Maule, kuyambira ali mwana.

Tebulo la mlombwa analipaka wofiira. Ndikafika apa mtima umandiwawa, chifukwa aliyense amene anaonapo mlombwa utapalidwa amadziwa mizere yake yofiirira ndi yagolide, imene palibe fakitale ingaiike m'chitini. Mnyamatayo anaikwirira ndi makoti awiri. Mipando iwiri anaipaka buluu, iwiri wachikasu, andakoti osaika chifukwa anaona ngati n'kutaya ndalama. Bedi analipaka mitundu yonse itatu.

Kenako anayang'ana kabati yofumbwa ija. Inali yaikulu, ya galasi kutsogolo, yooneka bwino ukaima patali. Anasakaniza utuchi ndi guluu, anamata tibowo tonse, anasalaza, n'kupaka woyera makoti atatu. June wa ku Ntchisi ndi wozizira, nkhungu imatsika m'phiri, ndipo penti wa mafuta amachedwa kuuma. Iye sanadikire, ankapaka pamwamba pa wosauma. Kabati inayera mbee.

Usiku umenewo, atagona m'kachipinda ka m'mbali mwa shedi, anamva timawu tating'ono tikuimba:

Paka, paka, mnyamata,
ife tili m'kati.
Kunja kwayera mbee,
ife tikudya thabwa.

Anayatsa tochi ya foni. Munalibe munthu. Anati ndi mphepo ya m'malata, anafunda bulangete kumutu.

Tsiku la msika anayala katundu panja. Anthu anaunjikanadi, monga ananenera. Ana anathamangira kudzaona, ndipo mayi wina wogulitsa tomato anafuula kuti, "Taonani utawaleza wagwa pansi!" Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linali Utawaleza.

Woyamba kufunsa mtengo anali mlimi wa fodya wa cha ku Malomo, ndalama zili m'thumba la jekete. Anagwira tebulo, anayesa kulinyamula, anamva kulemera kwake.

"Tebulo labwino ili, achimwene. Koma ine ndine wa Manoma. Ndizidyera nsima pa mtundu wa Maule tsiku ndi tsiku? Kuli la vanishi?"

"Kulibe, bambo."

Anapita. Wachiwiri anali mwini golosale amene ankafuna mipando ya pakhonde pake. Anayang'ana ya buluu, anayang'ana yachikasu, anapukusa mutu.

"Mwana wanga, mavoti ali pa 16 September. Buluu ali ndi eni ake, wachikasu ali ndi eni ake, wofiira ali ndi eni ake. Pagolosale panga pamagula aliyense. Ndikaika iyi pakhonde, mawa anthu ayamba kunena kuti ndikuchita kampeni."

Bedi analiyang'ana mnyamata wina ndi mtsikana amene ankakonzekera ukwati. Mtsikanayo anaseka mobisa kukamwa n'kumukoka mnzakeyo.

Kabati yokha ndiyo inagulidwa dzuwa lisanapendeke. Anaigula mayi wamasiye wa kwa Nthondo, membala wa Mvano, amene anagulitsa matumba ake a soya kuti apeze posunga mbale zimene mwamuna wake anamusiyira. Anaizungulira kawiri.

"Ndi yolimba, mwana wanga?"

"Ndi yolimba, amayi. Mukuona nokha mmene ikuwalira."

Pamene ankaikweza pangolo, mnyamatayo anamvanso timawu tija, motsitsa, pansi pa phokoso la msika. Mayiyo sanamve kanthu. Mnyamatayo anawerenga ndalama kawiri kuti makutu ake atanganidwe.

Masabata anadutsa. Tebulo, mipando ndi bedi ankazitulutsa m'mawa n'kuzilowetsa madzulo. Fumbi lofiira la mwezi wa August linakhala pa wachikasu, mfundo za paini zinayamba kutulukira pansi pa buluu ngati madontho a mafuta, ndipo penti anayamba kusupuka m'makona. Ndalama za fodya zinatha m'matumba a anthu.

Malume anabwera maso ali ngwee. Anaima pakhomo la shedi nthawi yaitali. Asanatsegule pakamwa, ngolo inaima panja, ndipo mayi wa kwa Nthondo anatsika atanyamula mtolo wa chitenje. Anaumasula pansi pamaso pawo: zidutswa za mbale zadothi, makapu opanda zogwirira, ndi chidutswa cha shelefu, kunja koyera, m'kati ufa wokhawokha.

"Bambo, ndinu eni ake a pano? Shelefu ya pamwamba inagwa usiku, inaphwanya ya pansi. Mbale izi bambo a ana anga anabwera nazo kuchokera ku Joni. Ndinafunsa mwana uyu ngati ili yolimba. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma ine sindinaganize kuti mkuyu ndingaugule ndi soya wanga."

Sanakalipe, ndipo kusakalipako n'kumene kunamupweteka mnyamatayo. Anagwada.

"Amayi, ndinadziwa. Malume anandiuza kuti ndiiotche."

Malume anatenga chidutswa cha shelefu, anachifinya, chinaphwanyika m'manja mwawo. Anapepesa mayiyo monga mwini mbumba amapepesera mlandu wa mwana wa mlongo wake. Anabweza ndalama zonse kuchokera m'thumba lawo. Za mbale anati sangathe kubweza zimene zinachokera ku Joni, koma mnyamatayo adzagula zina ndi thukuta lake, ndipo kabati ina idzafika kwa Nthondo mvula isanagwe, yaulere.

Mayiyo atapita, malume sanamumenye kapena kumutukwana. Anamupatsa chidutswa cha galasi ndi mpeni wopalira, n'kumulozera tebulo.

Kupaka kunamutengera tsiku limodzi. Kupala kunamutengera sabata yathunthu, zala zikutuluka matuza, wofiira atalowa m'timing'alu tonse ta thabwa. Pamene mizere ya mlombwa inayamba kuonekera, malume anathira madzi pang'ono pachikhatho n'kupukuta pamenepo kuti aone mmene padzaonekere vanishi akalowa. Mnyamatayo anangoti kukamwa yasa.

"Thabwa ukaliona, uyambe walifunsa," anatero malume. "Mlombwa ndi mbawa zili ndi mtundu wake kale, iwe ungoziteteza. Paini ndi malaina n'zotuwa, zimalandira penti mosangalala, koma mfundo uzitseke kaye ndi andakoti. Lofumbwa silifuna mtundu uliwonse, limafuna moto."

"Nanga mtundu wake ndiudziwa bwanji, malume?"

"Vala nsapato."

Anayenda naye masiku angapo, ngati akukaona abale. Analowa m'nyumba ya mphunzitsi, ya pansi pa simenti yofiira yopolisha ndi makoma a laimu. Mmenemo katundu wa khofi ndi wa vanishi ankakhala mwaulemu. Analowa m'nyumba ya kumudzi, ya mawindo ang'onoang'ono, mdima masana. Malume anamuonetsa kuti kabati yakuda mmenemo imasowa, pamene ya kirimu imaoneka ndipo imawalitsa chipinda. Anaima pakhitchini pamene utsi wa nkhuni unadetsa denga, ndipo anamufunsa kuti woyera wonyezimira angakhale masiku angati pamenepo, ndi ana asanu ogwira chitseko ndi manja a ndiwo. Anamutengera mpaka ku Dowa, pamsika wa ku Dzaleka, kumene anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda akhala kuyambira 1994. Kumeneko, m'malesitilanti ndi m'masaluni, mitundu yowala inali paliponse, ndipo inkakhala bwino.

"Ndiye sindinalakwe, malume! Taonani wachikasu uyo."

"Wachikasu sanalakwepo. Mwini saluni akufuna kuti wodutsa atembenuke, ndiye waitana mtundu wofuula. Iwe unapaka zimene zimakoma m'maso mwako, n'kuyembekeza kuti munthu wina alipire. Wogula ukamudziwa, mufunse. Ukapanda kumudziwa, paka mtundu umene sukangana ndi nyumba ya munthu aliyense, kapena usiye pa andakoti mpaka abwere anene yekha."

Atabwerera, mipando inayi anaipala n'kuisiya pa andakoti. Mwini golosale uja atadutsa, anasankha wa khofi, anapereka theka la ndalama, n'kudzaitenga patatha masiku atatu itauma bwino. Tebulo linagulidwa ndi sisitere wa pachipatala, amene analisisita ndi dzanja n'kunena kuti agogo ake anali ndi lotero. Bedi linavuta, linakhala mpaka Khirisimasi.

Kabati ya mayi wa kwa Nthondo anaipanga ndi matabwa a mbawa ochokera ku zitseko ziwiri zakale, mashelefu a paini wouma. Thabwa lililonse analigogoda yekha, analiyang'ana kuwala kwa dzuwa kufuna tibowo, ndipo usiku ankadzuka n'kuika khutu. Munali zii. Kumapeto kwa October anaikweza pangolo yosapaka, pamodzi ndi katoni ya mbale zatsopano ndi kathabwa kamene anapakapo timizere tinayi: vanishi, kirimu, khofi ndi wobiriwira.

Mayiyo anaitsegula, anagogoda mashelefu onse ndi chala, anakanikiza ndi chigongono. Kenako anatenga kathabwako n'kulowa nako m'nyumba, anakaika pakhoma pamene kabati idzaime, anabwerera m'mbuyo.

"Kunjaku upake vanishi, thabwali ndilione. M'katimu upake wobiriwirayu, kuti mbale zoyera zizioneka pagalasi."

"Wobiriwira ndi vanishi, amayi? Sindinazionepo pamodzi."

"Nyumba ndi yako kapena yanga?"

"Ndi yanu, amayi."

"Ndiye yamba. Ndikukuphikira mbatata. Ukamaliza upite kwa mng'ono wanga kutsidyako, ali ndi tebulo la amayi athu lothyoka mwendo, akufuna aligulitse kwa munthu amene saliwononga."