Kodi chindoko ndi chilango cha Mulungu?

Pa Biriwiri msewu wa M1 umalambalala malire enieni: kuno ndi Ntcheu, uko ndi chigawo cha Tete ku Mozambique. Malole amaima, ogulitsa kachewere ndi kabichi amasakanikirana ndi apaulendo, ndipo matenda opatsirana pogonana si achilendo, ngakhale amakambidwa monong'ona. Munthu akapezeka ndi chindoko, chinzonono kapena mabomu, mlandu umatha usanazengedwe n'komwe: wadziputira yekha. Maganizowa ali ndi mizu iwiri. Makolo ankati mdulo ndi kanyela zimadza wina akalakwira mwambo wa kuchipinda, ndipo pamaguwa ena timamva kuti nthenda zotere ndi chikwapu cha Mulungu pa achiwerewere. Koma nthenda si chigamulo. Mlandu weniweni umayamba pamene munthu akudzikayikira, n'kusankha kukhala chete.

Taonani mmene chindoko chimayendera. Chimayamba ndi kachilonda kosapweteka kumalo obisika, kamene kamapola kokha pakapita masabata angapo. Kenaka pamatuluka zidzolo, nthawi zina m'zikhatho ndi kumapazi, nazonso n'kuzimirira, tizilombo n'kutsala m'magazi zaka ndi zaka. Mayi woyembekezera amene sadziwa kuti ali nacho amatha kupita padera, kubereka mwana wakufa kale kapena wodwala. Chinzonono nacho mwa amayi ambiri sichionetsa zizindikiro, koma chimatseka njira za mazira, mayi n'kumatchedwa chumba pamudzi, ndipo khanda lobadwa kwa iye limatha kutuluka mafinya m'maso mpaka kuchita khungu. Ngati ichi ndi chilango, woweruza wake ndi wotani amene amakwapula khanda ndi mkazi wokhulupirika, n'kusiya wachimasomaso akuyenda ali gwa? Komanso penisilini, amene Alexander Fleming anamutulukira mu 1928, wakhala akuchiza chindoko kuyambira 1943, ndipo chikadziwika msanga jakisoni mmodzi amakwana. Kodi tinene kuti mkwiyo wa Mulungu unaphwa chaka chimenecho? Pa Yohane chaputala 9, Yesu mwini anakana kuti khungu la munthu wina wobadwa wosaona linadza chifukwa cha tchimo lake kapena la makolo ake.

Ena ayankha kuti kuchotsa manyazi n'kutsekulira khomo chiwerewere. Nkhawa yawo si yachabe, pakuti kusakhulupirika m'banja n'kulakwa ndithu, ndipo jakisoni safafaniza kulakwako. Koma manyazi safika munthu asanachimwe. Amafika pambuyo, ndipo ntchito yake ndi kumubisa. Mbiri yathu ikuchitira umboni. Edzi inatsimikizika ku Malawi mu 1985, ndipo kwa zaka zambiri pamaliro tinkangoti wadwala nthawi yaitali. Mu 1995 chinamtindi cha anthu chinakhamukira ku Machinga kukamwa mankhwala a Billy Chisupe amene ankati amachiza Edzi, koma manda sanaleke kudzaza. Zinthu zinatembenuka pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndi pamene mu 2011 dziko lino linakhala loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV pa mankhwala a moyo wonse. Anthu anayamba kuyezetsa chifukwa kudziwa kunayamba kupulumutsa, osati chifukwa chitonzo chinakula. Tisaiwalenso kuti zilonda za kumalo obisika zimapereka mpata kwa HIV kulowa mosavuta.

Enanso amati wokhulupirira safuna chipatala: tinapemphera, chilonda chinauma. Apa m'pamene chindoko chimanyengera, pakuti kuuma kwa chilonda ndi khalidwe lake, kaya wapemphera kaya ayi. Ndi magazi okha amene amanena zoona, ndipo kusikelo dontho la pachala limayankha m'mphindi zochepa. Kupima si kukayikira Mulungu. Pa Levitiko chaputala 13, ansembe analamulidwa kuyang'anitsitsa nthenda ya pakhungu, kudikira masiku 7, n'kuyang'ananso asananene kanthu. Chinyengo chomwecho chili pa makapusozi ogula pamsika: munthu amamwa awiri atatu, mafinya akaleka n'kusiya, ndipo n'chifukwa china chimene chinzonono chikukanira mankhwala amene kale ankachigonjetsa.

Chotsutsa cholemera koposa n'chakuti kuulula kumapasula banja, ndipo mkazi amene wabwera ndi uthengawo ndiye amamenyedwa kapena kupitikitsidwa. Izi n'zoona, ndipo palibe woyenera kukakamizidwa kulankhula pamene moyo wake uli pachiswe. N'chifukwa chake kuchipatala amapereka kapepala koitanira mnzako wogonana naye, kuti azaumoyo athandize kufotokoza. Koma kuchira wekha n'kusiya mnzako n'kudzinamiza, chifukwa nthendayo ibwerera pamphasa yomweyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati nkhanza ndiyo imatseka anthu pakamwa, ntchito ya abusa, mashehe, ankhoswe ndi anankungwi ndi kudzudzula nkhanzazo, kulimbikitsa abambo kupita kusikelo limodzi ndi akazi awo, ndi kuphunzitsa kuti wopita kukayezetsa wachita chilungamo. Amene chipembedzo chiyenera kumufunsa mafunso ovuta si wodwala wa pamzere wa kuchipatala, koma uja amene akudziwa za chilonda chake n'kukagona ndi mnzake osamuuza.