Kodi Chosindikizidwa Ndicho Choona?

M'chigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Marka kumalire a Nsanje, mkangano wa zachipembedzo kawirikawiri umatha ndi liwu limodzi lakuti "zinalembedwa". Munthu akatero, n'kusolola buku m'chikwama, anzake amangoti chete, ngakhale uja amene anali ndi mfundo yogwira mtima. Wokamba za makolo amauzidwa kuti zake n'zapakamwa chabe, zilibe mutu ndi vesi. Ulemu umene timapereka ku buku uli ndi maziko ake, koma wapitirira muyezo. Makina osindikizira amagwira ntchito ziwiri zazikulu: amachulukitsa mawu, ndiponso amawasunga osasinthika. Ntchito yosandutsa mawu kukhala oona sangaithe, ndipo sanaigwirepo. Tikalephera kusiyanitsa zimenezi, pepala timalipatsa ulemu woyenera Mulungu yekha, kwinaku tikunyoza nzeru zimene zinangosowa mwayi wofika kwa wosindikiza.

Tiyambe ndi mmene buku limabadwira. Njira imene Johannes Gutenberg anasindikizira Baibulo ku Mainz cha m'ma 1455 ndi yomwe amishoni anabwera nayo kuno, ndipo inagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba zosindikizira mabuku za ku Blantyre, ku Livingstonia ndi ku Nkhoma. Munthu ankaimirira pa bokosi la tizipinda tambirimbiri, n'kumatola zilembo zamtovu chimodzichimodzi, kuzindandalika chozondoka mpaka mzere udzaze, mizere ipange tsamba. Tsambalo ankalimanga m'felemu, kulipaka inki, n'kudinda pepala limodzi loyesera. Pepalalo linkapita kwa wosaka zolakwika, amene ankaika zizindikiro m'mphepete, ndipo wotola zilembo uja ankamasula mzere n'kukonza. Paliponse panali dzanja la munthu ndi diso la munthu, zinthu zimene zimatopa. Mu 1631 osindikiza mabuku a mfumu ku London, Robert Barker ndi Martin Lucas, anatulutsa Baibulo limene pa lamulo loletsa chigololo panasowa kaliwu kamodzi kokaniza, lamulo n'kusanduka chilolezo. Analipitsidwa chindapusa, mabukuwo n'kulamulidwa kuti awonongedwe. Makina sanadodome ngakhale pang'ono, anangobwereza cholakwacho pa buku lililonse mofanana. Amene anachitulukira anali anthu odziwa kale lamulolo pamtima.

Ngakhale buku lopanda cholakwa chilichonse limasenza zosankha za anthu. Manambala amene mlaliki wa ku Bangula amaitana paguwa sanalembedwe ndi aneneri kapena atumwi. Kugawa Baibulo m'mitu amati ndi ntchito ya Stephen Langton, bishopu wamkulu wa ku Canterbury amene anamwalira mu 1228, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Chiyankhulo nachonso chinachita kusankhidwa. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, nthawi imene kalankhulidwe ka kumwera kuno n'kamene kankalowa m'mabuku a mishoniyo. Mipingo itagwirizana zokhala ndi Baibulo limodzi, ntchito yaikulu inagwera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndipo Buku Lopatulika la mu 1922 linatsamira kwambiri ku kalankhulidwe ka m'chigawo chapakati. Boma litakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, mwana wa ku Tengani woyankhula Chisena pakhomo anapeza kuti buku la kusukulu ndi la kutchalitchi onse akumuyankhula m'mawu a anthu ena. Lero pa benchi imodzi pamaliro pakhoza kukhala Buku Lopatulika, Malembo Oyera a Akatolika a mu 1966 ndi Buku Loyera la mu 1998, ndipo vesi lomwelo limamveka mosiyana m'mabuku atatuwa. Palibe Mkhristu woganiza bwino amene anganene kuti Mulungu ali m'limodzi, m'mawiri enawo mulibe. Pamenepa wavomereza kale kuti choonadi chimene akukhulupirira n'chachikulu kuposa zilembo za tsamba limodzi.

Mbali ina ya nkhaniyi ili ku Khulubvi, kachisi wa Mbona pafupi ndi boma la Nsanje, komwe kwa zaka mazana angapo anthu akhala akukapempha mvula. Mbiri ya Mbona yayenda pakamwa mibadwo yonseyi, ndipo sikambidwa mofanana. Ambiri amagwirizana kuti anathawa kuchokera kumpoto, anaphedwa ku Ndione, mutu wake n'kuikidwa ku Khulubvi, ndiponso kuti kachisiyo amakhala ndi mkazi wotchedwa Salima. Koma ena amati mdani wake anali malume ake Mlauli, pamene ena amaloza kwa mfumu Lundu. Wansembe wa chipani cha Montfort wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anatumikira m'chigwa muno, anasonkhanitsa nkhanizi n'kuzitulutsa mu 1992 m'buku lotchedwa River of Blood. Iye anaika makambidwe osiyanasiyana moyandikana, poona kuti kusiyanako kukuulula mikangano yakale ya mafumu, eni kachisi ndi anthu wamba. Steve Chimombo nayenso analemba sewero la The Rainmaker pa nkhani yomweyi, monga mlembi waluso wokhala ndi ufulu wopeka. Vuto limabwera pamene wophunzira watenga kakambidwe kamodzi ka m'buku n'kukatsutsa nako gogo amene anamva nkhaniyo kwa agogo ake. Chimene chili m'bukumo chinachokera pakamwa pa agogo ena ngati omwewo. Inki sinachiwonjezere choonadi, inangochiimitsa pa tsiku limene chinalembedwa.

Wotsutsa anganene kuti pakamwa m'posadalirika: munthu amaiwala, amakometsa, amanama, ndipo popanda buku mneneri aliyense wodzuka ndi maloto akhoza kuika mawu ake m'kamwa mwa Mulungu. Mfundoyi ndi yoona, ndipo ndiyo phindu lenileni la kusindikiza. Mayi wa ku Ngabu amene amadziwa kuwerenga akhoza kutsegula yekha n'kuona ngati mbusa wapotoza ndime. Koma tione pamene pagona mphamvuyo. Anthu a ku Makhanga ndi madera ena amene anakokoloredwa ndi madzi mu Januwale 2015, ndiponso pa namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, amadziwa kufooka kwa pepala. Baibulo lovuulidwa m'matope limatupa, chikuto chimasupuka, masamba ake opyapyala aja amamatirirana, ndipo mwini wake amaliyanika pa thumba padzuwa n'kumatsegula tsamba limodzilimodzi ndi kampeni. Mayina a ana ndi masiku a ubatizo olembedwa pamanja kutsamba loyamba akafufutika, apita ndithu, chifukwa analembedwa pamalo amodzi okha. Koma Masalimo sanatayike, pakuti ali m'mabuku ena zikwizikwi ndiponso m'mitima ya amene anapitiriza kupemphera m'misasa opanda buku m'manja. Mphamvu ya chosindikizidwa ili m'kuchuluka kwa mabuku ofanana amene anthu angawayerekeze. Zidutswa zakale kwambiri za Chipangano Chatsopano zinalembedwa pa gumbwa, chomera chomwe chija cha m'dambo la Elephant Marsh, ndipo zinapulumuka chifukwa cha kuuma kwa mchenga wa ku Iguputo. Kukanakhala kuno, chinyezi ndi chiswe zikanazimaliza kalekale. Baibulo lenilenilo, pa Yeremiya 36, limasimba za mfumu Yehoyakimu imene inaduladula mpukutu n'kuuponya pamoto, Yeremiya n'kuuzanso Baruki mawu omwewo kuti alembe pa mpukutu wina. Chinapsa ndi cholemberapo, uthenga unatsala.

Wokhulupirira wina angadandaule kuti maganizo otere akuchepetsa Malemba amene mpingo umaphunzitsa kuti ndi ouziridwa ndi Mulungu. Koma chiphunzitso chimenecho chimanena za uthenga, ndipo palibe mpingo umene umati inki, guluu ndi ulusi wosokera masamba nazonso n'zouziridwa. Pa Mateyu 4, Satana anagwira mawu enieni a m'Malemba pofuna kugwetsa Yesu, zomwe zikusonyeza kuti vesi lolondola likhoza kunyamula bodza likachotsedwa pamalo pake. Amene akuchepetsa Baibulo ndi uja amaliika kunsi kwa pilo kuti lithamangitse afiti koma osaliwerenga, pakuti walisandutsa chithumwa chonga chomwe amadzudzula anzake. Izi sizikutanthauza kuti tsamba la Baibulo tizikulungira usipa kapena kupichirira fodya. Asilamu amasamala kwambiri Kurani ngakhale itang'ambika, ndipo Ayuda amakwirira mipukutu yakutha m'malo moitaya kudzala. Ulemu umenewu uli ngati wa munthu wosunga kalata ya malemu bambo ake: amaisunga chifukwa cha amene anayankhula, ndipo akudziwa bwino kuti pepalalo si bambo akewo.

Nkhaniyi yakula msinkhu masiku ano chifukwa kusindikiza kwatsika mtengo. Kale buku lisanatuluke linkadutsa kwa mlembi, mkonzi, wosaka zolakwika ndi komiti, ndipo mutu umodzi sunkasenza denga. Lero pa Nchalo kapena pa Dyeratu, aliyense wokhala ndi ndalama pang'ono akhoza kulowa m'kashopu ka kompyuta n'kutuluka ndi kabuku ka maulosi, satifiketi ya ubishopu kapena mbiri ya ufumu yokomera banja lake, zonse m'zilembo zooneka bwino ngati za m'Baibulo. Uthenga wa pa WhatsApp nawo umabwera utavala zilembo zomwezo. Munthu amene anaphunzitsidwa kuti chosindikizidwa sichinama alibe chodzitetezera. Wodziwa mmene buku limapangidwira amatembenuza tsamba la kuseri kwa mutu wa buku, lija ambiri amalidumpha, n'kufunsa: analemba ndani, anasindikiza ndani, chaka chanji, ndipo kodi uku n'kusindikiza koyamba kapena kokonzedwanso? Mafunso amenewa ndi omwe akuluakulu pabwalo amafunsa mboni, kuti unaziona wekha kapena unamva kwa yani, ndipo buku nalo ndi mboni.

Choncho mipingo ya m'chigwa muno, kuyambira dayosizi ya Chikwawa mpaka mipingo imene inaphuka ku mishoni ya Chididi, ili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba n'kuphunzitsa akhristu, pamodzi ndi mavesi oloweza, mbiri ya buku limene ali nalo m'manja: amene analimasulira, chaka chake, ndi chifukwa chimene likusiyanirana ndi la mnansi wawo. Chikhulupiriro chimene chingagwe pongomva kuti manambala a mavesi anaika ndi wosindikiza wa ku Ulaya chinali chitatsamira kale pa chinthu chosayenera. Yachiwiri, imene ikukhudzanso mafumu, aphunzitsi ndi olemba, n'kufulumira kulemba ndi kusindikiza zimene akuluakulu a Chimang'anja ndi Chisena akudziwa, m'ziyankhulo zawo zomwe, potchula amene wasimba, mudzi wake ndi chaka, ndiponso posunga makambidwe otsutsana m'malo mosankhapo kamodzi n'kukatcha koona. Buku lotere silidzatseka pakamwa pa munthu, koma lidzapatsa mdzukulu wa mawa mboni zingapo zoti azimvetsere asanagamule mlandu.