KUKONZA PHUNZIRO MONGA ANACHITIRA AMBUYE

Werengani: Luka 10:25-37

Aphunzitsi anzanga, ana amakhala nafe ora limodzi lokha pa sabata. Tikafika osakonzeka, ora limenelo latayika, ndipo mwana abwerera kwawo ndi njala ya Mawu. Ku sukulu za uphunzitsi amatchula Johann Herbart wa ku Germany (1776-1841), amene ophunzira ake anagawa phunziro m'makwerero asanu. Ife tione makwerero amene Yesu anatsata pophunzitsa wachilamulo uja.

1. Yambani ndi zimene wophunzira adziwa. Yesu asanayankhe, anayamba wamfunsa zimene amawerenga m'chilamulo. Pamenepo zinaoneka kuti munthuyo adziwa lamulo la chikondi, koma sadziwa mnansi wake. Inunso funsani ana poyamba, kuti mudziwe pamene pali posowa.

2. Sankhani cholinga chimodzi. Chilembeni m'kope lanu Lamulungu lisanafike: "Ana adziwe kuti aliyense wosowa thandizo ndiye mnansi wawo." Zolinga zitatu pa ora limodzi zimasokoneza mwana.

3. Fotokozani nkhani. Yesu anatchula njira imene omvera ake anaidziwa, yotsika kuchokera ku Yerusalemu kunka ku Yeriko, mtunda wa makilomita pafupifupi 27, yodutsa m'chipululu mobisala achifwamba. Jambulani njirayo pa bolodi kapena pa dothi. Auzeni ana kuti Ayuda ndi Asamariya sanali kuyenderana, chifukwa akapanda kudziwa ichi, chifundo cha Msamariya sichiwadabwitsa. Nenani nkhani ndi pakamwa, maso ali pa ana, osati m'buku.

4. Yesani ngati amva. Atatha fanizo, Yesu anafunsa munthuyo kuti mwa atatu aja mnansi anali uti, ndipo anayankha yekha. Musafunse kuti, "Mwamva?" pakuti onse adzavomera. Funsani kuti, "Wansembe anachita chiyani? Nanga Mlevi?" Akalephera, bwerezani pamene pawavuta, osawakalipira.

5. Atumeni kukachita. Ambuye anatsiriza ndi kumuuza kuti apite akachite chomwecho. Mwana aliyense atchule munthu mmodzi amene adzamthandiza sabata ino, kaya ndi gogo wosowa womtungira madzi, kaya ndi mnzake wodwala. Lamulungu lotsatira muwafunse zimene anachita.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Ana awa ndiwo adzakhale akulu a mpingo, ndipo Mwini nkhosa adzatifunsa m'mene tinawadyetsera (Yohane 21:15).

Pemphero: Ambuye Yesu, Mphunzitsi wamkulu, tipatseni khama lokonzekera, kuti ana anu asachoke pamaso pathu chimanjamanja. Amen.