Kodi Nkhandwe Ili ndi Mlandu?

Dera la Mayani, lomwe lili m'dziko la Mfumu Tambala m'boma la Dedza, ndi la mapiri, zigwa ndi madambo. Anthu ake ndi alimi a chimanga, nyemba, mtedza ndi mbatata ya kachewere, ndipo makomo ambiri ali ndi nkhuku kapenanso timbuzi tingapo. M'dera lotere dzina la nkhandwe silitchulidwa mwaulemu. Ikalira usiku kufupi ndi mudzi, akuluakulu amati ndi malodza, maliro ali pafupi. Ikalowa m'khola, mwini nkhuku amadzuka m'mawa napeza nthenga zokhazokha. Motero anthu ambiri saona chovuta kunena kuti nkhandwe ndi mbala yoyenera kuphedwa paliponse pamene yaoneka. Komabe munthu woganiza ayenera kuyamba wafunsa: kodi nyama imene yadya chifukwa cha njala ingakhale ndi mlandu? Nanga munthu, pokhala ndi nzeru ndi mphamvu, ali ndi ufulu wotha mtundu wonse wa nyama chifukwa chakuti ikumusowetsa mtendere?

Mfumu yanzeru sigamula mlandu isanamdziwe woimbidwa mlanduyo. Nkhandwe ya kuno ku Malawi ndi nyama ya mtundu wa galu, yotuwa, ya mzere m'nthiti ndi kansonga koyera kumchira. Kulemera kwake ndi makilogalamu 10 kapena kupitirira pang'ono. Imayenda usiku, yokha kapena ziwiriziwiri, pakuti yaimuna ndi yaikazi zikakwatirana zimakhalira limodzi ndi kulera ana pamodzi. Bere lake limatha miyezi iwiri, ndipo kawirikawiri imaswa ana atatu mpaka asanu ndi mmodzi m'una kapena m'chulu chakale. Sisankha chakudya. Imadya mbewa, akalulu, ziwala, inswa, mazira, nyama zofa zokha, ngakhalenso zipatso monga masuku ndi nkhuyu. Nkhuku ndi gawo laling'ono chabe la zimene imadya pachaka, koma ndilo gawo lokhalo limene munthu amaliona ndi kulikumbukira.

Chachiwiri chofunika kuchidziwa ndi chakuti ndani anapeza mnzake. Pa kalembera wa 1966 dziko la Malawi linali ndi anthu oposa 4 miliyoni pang'ono. Pa kalembera wa 2018 anthu anali ataposa 17.5 miliyoni, ndipo boma la Dedza lokha linali ndi anthu oposa 830,000. Anthu onsewa amafuna minda, nkhuni, makala ndi milimo. Mitengo ya tsamba, mombo ndi masuku imene inkaphimba mapiri yatha m'malo ambiri, ndipo nkhalango zotetezedwa monga Chongoni ndi Dedza-Salima zazingidwa ndi minda. Mikango, mimbulu ndi nyama zina zikuluzikulu zofuna thengo lotakasuka zinathawa kapena kuphedwa. Zimene zinatsala ndi nyama zochenjera, zotha kudya chilichonse ndi kugona paliponse: nkhandwe, afisi, apusi ndi avumbwe. Choncho pamene munthu akudandaula kuti nkhandwe yalowa m'mudzi mwake, nkhandwe ikadakhala yoyankhula ikadayankha kuti mudziwo ndiwo unalowa m'tchire mwake.

Zimenezi sizichitika kuno kokha. Ku North America kuli nyama yofanana kwambiri ndi nkhandwe yotchedwa coyote. Kalekale inkapezeka makamaka m'zigwa za udzu ndi m'zipululu za pakati ndi kumadzulo kwa chigawocho. Azungu atafika anagwetsa nkhalango kuti alime, ndiponso anapha mimbulu ya kumeneko, imene inali mdani wamkulu wa coyote. Mosadziwa, iwo anaitsekulira njira. Kuyambira cha m'ma 1900 nyamayi inayamba kufalikira kum'mawa, kumpoto ndi kum'mwera. Lero ikupezeka m'zigawo zonse za dziko la United States kupatulapo zilumba za Hawaii. Yafika ku Alaska, ndipo pofika 2013 inali itaoneka kutsidya kwa ngalande ya Panama. Ikukhala ngakhale m'mizinda ikuluikulu monga Chicago ndi Los Angeles, momwe imagona m'manda ndi m'mapaki masana, n'kumasaka makoswe usiku.

Chodabwitsa ndi chakuti kufalikira konseku kwachitika nyamayi ili pankhondo ndi munthu. M'chaka cha 1931 boma la United States linakhazikitsa lamulo lolola kuononga nyama zovutitsa alimi, ndipo kwa zaka zambiri misampha, mfuti ndi poizoni zinagwira ntchito usana ndi usiku. Mpaka pano mazana a zikwi za nyamazi amaphedwa chaka ndi chaka, koma mtundu wake sukutha. Akatswiri anapeza kuti zikaphedwa zambiri pamalo amodzi, zotsalazo zimapeza chakudya chochuluka, zazikazi zambiri zimaswa, ana ambiri amakula, ndipo zina zochokera kutali zimadzalowa m'malo mosiyidwamo. Koma mimbulu itabwezeretsedwa m'nkhalango ya Yellowstone m'chaka cha 1995, chiwerengero cha coyote m'madera ena a nkhalangoyo chinatsika ndi theka m'zaka zochepa. Chimene poizoni analephera kuchita, chilengedwe chinachita chokha. Phunziro lake ndi lakuti nyama zotere zimachuluka chifukwa cha zochita za munthu yemwe, ndipo ukali wokha suthetsa vuto limene munthu akulidyetsa ndi dzanja lake.

Tsono mlandu n'chiyani? Pamwambo wa Achewa ndi Ayao omwe, munthu amapezeka wolakwa ngati anadziwa choipa ndi chabwino, nasankha choipa. N'chifukwa chake khanda likaswa mbiya silipita kubwalo, ndipo mbuzi ikadya chimanga cha eni, wolipira amakhala mwini mbuzi. Anthu amazindikira kuti mbuzi ilibe chikumbumtima. Ngati zili choncho ndi mbuzi, n'chifukwa chiyani nkhandwe iyenera kutchedwa mbala? Kuba ndi kutenga chinthu ukudziwa kuti n'chamwini. Nkhandwe sidziwa malire a munda, sidziwa mtengo wa tambala pamsika wa Mayani, ndipo sisiyanitsa nkhuku ya mkazi wamasiye ndi nkhwali ya m'thengo. Imaona chakudya chosavuta kugwira, ana ake ali ndi njala kuuna. Nyama imaononga, koma sichimwa. Amene angathe kulakwa pankhaniyi ndi munthu yekha, popeza ndiye yekha amene angathe kusankha.

Apa wina akhoza kutsutsa, ndipo kutsutsa kwake n'koyenera kukumvetsera. Iye anganene kuti nzeru zoterezi zimakoma m'kalasi, koma sizibweza nkhuku. Kwa mayi wakumudzi nkhuku zisanu ndizo banki yake: ndizo fizi ya mwana, ndizo sopo, ndizo thiransipoti yopitira kuchipatala. Kumuuza mayi wotere kuti akonde nkhandwe ndi chipongwe. Komanso nyama zakutchire sizithera pankhuku. Kuyambira 1955, m'zaka zochepa chabe, afisi anapha anthu 27 m'chigwa cha Phalombe, makamaka m'nyengo yotentha pamene anthu ankagona panja. M'chaka cha 2003 chilombo chimene akuluakulu a boma anachiganizira kuti chinali fisi wachiwewe chinapha anthu atatu ndi kuvulaza ena 16 ku Dowa, ndipo anthu pafupifupi 4,000 anathawa m'midzi yawo. Nkhandwe nayo imatha kugwidwa ndi chiwewe n'kuluma agalu, ziweto kapena anthu. Zonsezi n'zoona, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Moyo wa munthu ndi woposa wa nyama, ndipo palibe chiphunzitso chabwino chimene chingauze kholo kuti lingoyang'ana mwana wake ali pangozi.

Komabe pali kusiyana pakati pa kudziteteza ndi kubwezera. Kudziteteza kumalimbana ndi nyama imodzi imene yaopseza moyo kapena yazolowera khola, ndipo kumatha ngoziyo ikatha. Kubwezera kumalimbana ndi mtundu wonse, ngakhale ana a kuuna amene sanaonepo nkhuku. Nyama yachiwewe, kapena fisi amene walawa munthu, ayenera kuchotsedwa msanga, ndipo imeneyi ndi ntchito imene a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire amaitanidwira. Koma munthu amene wathira tameki m'nyama n'kuitaya kudambo sakudziteteza ayi. Poizoni sasankha. Amapha nkhandwe, galu wa mnansi, makhwangwala ndi miimba, ndipo akhoza kufika ngakhale pachitsime. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, kutanthauza kuti wofuna kulanga ayambe waona chimene chisweke pamodzi ndi wolangidwayo.

Pankhani ya chiwewe, choonadi chimaloza kukhomo kwa munthu yemwe. Bungwe la WHO limanena kuti mwa anthu 100 alionse ogwidwa ndi matendawa, mpaka 99 amawatenga kwa agalu oweta. Limanenanso kuti agalu 70 mwa 100 alionse akalandira katemera, matendawa amaleka kufalikira. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masabata ochepa chabe. Motero mudzi umene ukuopa chiwewe uchita bwino kutengera agalu ake kwa alangizi a ziweto, kusiyana ndi kutha tsiku lonse pauzimba wosaka nkhandwe. Ndipo wolumidwa ndi nyama iliyonse atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti chiwewe chikaonetsa zizindikiro sichichizika.

M'pofunikanso kuwerenga zimene nkhandwe imapereka, pakuti woweruza wolungama sawerenga ngongole zokha. Mbewa ndi makoswe amene imadya usiku ndi omwewo amene amafukula mbewu m'mizere ndi kuboola nkhokwe. Nyama zofa zimene imachotsa zikadaola kufupi ndi midzi. Njere za zipatso zimene imameza imakazitaya kutali, kumene zimamera. Ntchito zimenezi zilibe mboni chifukwa zimachitika anthu ali m'tulo, ndipo phindu lake limaoneka pokhapokha wogwira ntchitoyo atachotsedwa. Walira mvula walira matope: amene akufuna dambo lopanda mbewa zambiri alole kuti m'dambomo mukhale wodya mbewa. Anyamata otentha tchire posaka mbewa m'chilimwe aganizirenso kuti moto wawo umalanda nkhandwe chakudya ndi pobisala, ndipo nyama yanjala imapita kumene kukumveka fungo la khola.

Kodi tsono udindo wa munthu ndi wotani? Si wakuti aisandutse nkhandwe bwenzi. Ku America aphunzira kuti coyote yoopsa ndi imene yazolowera kupatsidwa chakudya ndi anthu mpaka kutaya mantha, ndipo malangizo a kumeneko ndi akuti nyamayi isadyetsedwe, koma ipirikitsidwe ndi phokoso ikayandikira nyumba. Nzeru yomweyi ikugwira ntchito pa Mayani. Khola la nkhuku ndi la mbuzi likhale lokwera ndi lolimba, lotsekedwa dzuwa likamalowa. Zotsala za pamalo ophera mbuzi ndi ng'ombe pamsika zikwiriridwe mozama. Dzala lisakhale poyera. Ana ang'onoang'ono asatumidwe okha kumdima. Mitengo yotsala m'mapiri ndi kumanda isamalidwe, kuti nyama zikhale ndi kwawo. Zonsezi n'zotopetsa kuposa kutchera msampha, koma ndizo zimene zimathandiza chaka ndi chaka. Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, mayi wamasiye uja asasiyidwe yekha: achinyamata a m'mudzi akhoza kumumangira khola tsiku limodzi. Chifundo chenicheni pa nyama chimayamba ndi chifundo pa munthu amene nyamayo yamuliritsa.

Makolo akale sanali achilendo pankhani imeneyi. M'mapanga a Chongoni, omwe bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 2006, muli zithunzi zoyera za zilombo zimene Achewa anajambula pamiyala. Pabwalo la gule wamkulu zilombo zimatuluka kudambwe, n'kuvina pakati pa anthu, kenaka n'kubwerera kwawo. Mudzi umaziopa, umazipatsa ulemu, koma suzithamangitsa kotheratu. Mwambowu ukusonyeza kuti makolo ankadziwa kuti mudzi ndi thengo ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma zosalekanitsika. Ngakhale chikhulupiriro chakuti kulira kwa nkhandwe ndi malodza chiyenera kuyesedwa ndi nzeru. Nkhandwe imalira poitana inzake ndi podziwitsa zina malire ake. M'mudzi waukulu maliro sasowa, choncho n'kosavuta kukumbukira usiku umene inalira munthu namwalira, n'kuiwala mausiku ambirimbiri amene inalira kunja n'kucha bwinobwino.

Pomaliza, yankho la funso lija ndi lakuti nkhandwe ilibe mlandu, ngakhale kuti imaononga ndithu. Munthu ali ndi ufulu woteteza moyo wake ndi chuma chake, koma alibe ufulu wofafaniza cholengedwa chimene sangathe kuchilenganso. Dziko la Malawi linataya mikango ndi mimbulu m'malo ambiri, ndipo linachita kuitanitsa ina kuchokera kunja: mikango ku Majete m'chaka cha 2012, ndi mimbulu ku Majete ndi ku Liwonde m'chaka cha 2021, pamtengo waukulu. Kutaya n'kosavuta, kubweza n'kodula. Ukulu wa munthu pa nyama uli ngati ukulu wa mfumu pa mudzi: suoneka pa kuchuluka kwa amene yawapirikitsa, koma pa luso lake lokhazika pamodzi anthu osamvana. Wophunzira wa lero, amene mawa adzakhale mlimi, mlangizi kapena nyakwawa, adzayesedwa ndi muyeso womwewo.