Kodi n'chikondi ngati wothandiza nayenso akupindula?

Pa 12 Januwale 2010 chivomerezi chinagumula mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti. Patangopita masiku ochepa, anyamata awiri a ku America amene anali atasiya usilikali, Jake Wood ndi William McNulty, anasonkhanitsa anzawo ochepa n'kupita kumeneko atanyamula mankhwala. Kagulu kaja ndi kamene kanakula n'kukhala bungwe la Team Rubicon. Lero anthu ambirimbiri amene anali asilikali amavala malaya otuwa a bungweli. Amakachotsa matope m'nyumba madzi akasefukira, ndipo amadula zitsamba ndi mitengo youma pafupi ndi nyumba za anthu moto wolusa wa m'nkhalango usanafike. Salandira malipiro.

Ambiri mwa iwo sabisa chimene chimawakoka. Munthu akavula yunifolomu amasiyana ndi anzake amene ankadya nawo mbale imodzi, ndipo m'mawa amasowa chomudzutsa. Kumalo a ngozi amazipezanso zonsezi. Apa ndi pamene mafunso amayambira. Kodi tsoka la mnzake silinasanduke mankhwala ake? Kodi chikondi chenicheni si chija chosayembekezera kanthu?

Mpingo suphunzitsa kuti chikondi chimadetsedwa wochipereka akalandirapo kanthu. M'kalata yake Deus Caritas Est ya 2005, Papa Benedict XVI anafotokoza kuti munthu sangamangopereka masiku onse; wofuna kupatsa ena chikondi ayenera kuchilandiranso ngati mphatso. Amene amanena kuti iye sasowa kanthu kwa anthu amene akuwathandiza, kawirikawiri ndi yemwe amawayang'anira pansi. Ndipo mayi amene nyumba yake yachotsedwa matope sagona movutika chifukwa choti wogwira fosholoyo wapezanso mtendere.

Choyesera chake chili pena: kodi munthuyo amamvera mwininyumba, ngakhale pa ntchito yonyozeka imene palibe woijambula? Kodi amabweranso pamene nkhaniyo yazizira? Ngati yankho ndi inde, phindu limene iye wapeza silinalande kanthu kwa wovutikayo.

Koma pali china chowawa. Clay Hunt anamenya nkhondo ku Iraq, komwe anavulazidwa, ndi ku Afghanistan. Anali m'gulu la oyamba kutumikira ndi Team Rubicon ku Haiti, ndipo ankalimbikitsa asilikali anzake ovutika maganizo kuti apemphe thandizo. Mu Malichi 2011 anadzipha ali ndi zaka 28. Ntchito yachifundo inamupatsa anzake ndi cholinga, koma sinalowe m'malo mwa chisamaliro chimene iye mwini ankafunikira. N'kosavuta kuona munthu akunyamula katundu wa ena n'kuganiza kuti wake anatula kale.

Mu Febuluwale 2015 dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa ndi dzina lake, lofuna kuti amene anali asilikali azipeza thandizo la matenda a maganizo mosavuta. Pamene linkasainidwa, panali patatsala pang'ono kukwana zaka zinayi chimwalirireni iye.